Zinthu ziwiri zikagundana, yambani ndi momentamu

Funso la kugundana likabwera mu fizikisi, ophunzira ambiri amathamangira kinetic energy (nyonga imene chinthu chimakhala nayo chifukwa choyenda), ndipo m'pomwe amasokera. Chimene sichisintha pa kugundana, bola pasakhale mphamvu yaikulu yochokera kunja, ndi momentamu: masi (kuchuluka kwa chinthu, koyezedwa mu makilogalamu) kuchulukitsa ndi liwiro, poganiziranso mbali imene chinthucho chikulowera.

Chifukwa chake chili mu lamulo lachitatu la Isaac Newton, lomwe analisindikiza mu 1687. Zinthu ziwirizo zimakankhana ndi mphamvu yofanana, moyang'anizana, kwa nthawi yofanananso. Momentamu imene china chataya, chinzake chatenga yomweyo.

Tengani tingolo tiwiri ta mu labu. Ka 2 kg kakuyenda 3 m/s, ka 1 kg kangoima. Tisanagundane, momentamu yonse ndi 6 kg m/s. Tikagundana n'kumamatirana, masi yonse ndi 3 kg, choncho tiyenda limodzi pa 2 m/s. Tsopano onani kinetic energy, yomwe ndi theka la masi kuchulukitsa ndi liwiro, n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo: poyamba inali 9 J (J ndi joule, muyezo wake), pano yatsala 6 J. Ma 3 J enawo asanduka kutentha, phokoso ndi kupindika kwa pogundanapo. Amene angaumirire kuti 9 J ikhalebe 9 J apeza pafupifupi 2.4 m/s, yankho looneka bwinobwino koma lolakwa. Mu labu muwerenge liwiro pomwepo pogundana, chifukwa mukachedwa kukhulana kwa matayala kumakhala kutadya kale gawo lina.

Cholakwa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha chizindikiro. Mpira wa 0.15 kg wamenya khoma pa 20 m/s n'kubwerera pa 15 m/s. Ambiri amachotsera 15 pa 20 n'kupeza 0.75 kg m/s. Ayi. Mpirawo unayamba waima kaye, kenako n'kuthamangira kumbuyo, ndiye liwiro lasintha kuchoka pa +20 kufika pa −15, kusiyana kwa 35 m/s. Momentamu yasintha ndi 5.25 kg m/s. Musanalembe nambala iliyonse, jambulani muvi wosonyeza mbali ya + ndipo musausinthenso. Magalamu nawonso muwasandutse makilogalamu poyambirira pomwe.

Kusintha kwa momentamu n'kofanana ndi mphamvu kuchulukitsa ndi nthawi imene yagwira ntchito. Munthu wa 70 kg ali m'galimoto yothamanga 72 km/h, komwe ndi 20 m/s, ali ndi momentamu ya 1,400 kg m/s, ndipo galimoto ikawomba khoma yonseyo iyenera kutha. Akaima m'kati mwa 0.01 s, thupi lake lilandira mphamvu ya pafupifupi 140,000 N (N ndi newton, muyezo wa mphamvu). Nthawi ikatalika kufika 0.1 s, mphamvuyo itsika kufika 14,000 N. Ntchito ya lamba wa pampando, airbag (thumba la mpweya lofufuma pa ngozi) ndi kutsogolo kwa galimoto kumene kumapangidwa dala kuti kuphwanyike ndi yomweyi: kutalikitsa nthawi yoimira.