Lachitatu: phiri lili mbuu, fyuluta yada

Lero kwacha phiri la Zomba silikuoneka bwino, cha ku Ku Chawe konse kuli mbuu. Seputembala ndi choncho basi, anthu ayamba kusosa, ana akutentha tchire kusaka mbewa, mauvuni a njerwa akufuka uku ndi uku, fumbi nalo osanena. Ndakwera kabaza kuchoka ku Matawale kukasintha fyuluta pa makina oyezera kuipa kwa mpweya omwe tinaika pa denga m'tauni muja.

Makinawo si achilendo kwenikweni, ndi pampu yokoka mpweya kwa maola 24 n'kumaudutsitsa pa kapepala kozungulira komwe kamakola tinthu ta PM2.5, tija tosaposa ma micrometre 2.5 tomwe maso sationa koma timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Dzulo kanali koyera mbee, lero ndakachotsa katada motuwira. Sitikagwira ndi zala, timakanyamula ndi kapanira, kukaika m'kambale kotseka, kulemba tsiku, ku labu akakayezenso kulemera poti anakayeza kale tisanakaike.

Nditatsika alonda akuti "achimwene mukudzivutitsiranji, utsi wonsewu ndi wa maminibasi a pa depoti ndi malole a mumsewu wa ku Liwonde." Amayi ena ogulitsa mandasi pageti akuti iii ayi bambo, ndi zinyalala zomwe anthu amatentha m'mbali mwa Likangala. Aliyense akuloza chomwe amanunkhiza pakhomo pake, ndiye mkangano ngati umenewu ndi womwe njira yofufuzira magwero a utsi yotchedwa receptor modelling imafuna kuthetsa. M'malo moyenda kuwerenga mbaula ndi magalimoto onse a mu Zomba, umayambira pomwe munthu akupumira, kuona zomwe zili mumpweyamo n'kulondola m'mbuyo kuti zachokera kuti. Zili ngati kulawa ndiwo n'kudziwa kuti muli nsinjiro, soda ndi tomato wochepa chonsecho sunali nawo kukhitchini.

Gwero lililonse lili ndi chizindikiro chake. Fumbi la dothi limabwera ndi silicon, aluminium, calcium ndi iron. Nkhuni ndi udzu zikamapsa zimasiya potassium komanso levoglucosan, kanthu kotuluka zomera zikamapsa. Dizilo amadziwika ndi mwaye wakuda bii, mabuleki ndi matayala akamaperepeseka amasiya copper ndi zinc, pomwe zinyalala za mapulasitiki zimakweza chloride. Kale lead ankaulula petulo koma kuno ku Africa kumwera kwa Sahara petulo wa lead anasiya kugulitsidwa mu 2006, ndiye ukamupeza lero uganize zina.

Masana ndakhalira kompyuta. Pali njira yowerengera magwerowa ya CMB (chemical mass balance) yomwe imafuna kuti ukhale ukudziwa kale utsi wa gwero lililonse kuti muli chiyani ndipo mochuluka bwanji, vuto n'loti zambiri zoterezi anayezera ku America ndi ku Ulaya, pa magalimoto ndi zitofu zawo, osati uvuni wa njerwa wa ku Chinamwali. Ndiye ife tatsamira pa njira ina yotchedwa PMF (positive matrix factorization), ya Pentti Paatero ndi Unto Tapper a ku Finland ya mu 1994, pulogalamu yake EPA, bungwe la boma la America loona za chilengedwe, imapereka ulere. Iyoyo imangoona kuti ndi zinthu ziti zomwe zimakwera ndi kutsika limodzi tsiku ndi tsiku n'kuziika m'magulu, koma imafuna mafyuluta ambiri zedi, cha m'ma 100 kapena kuposa, n'chifukwa chake zokwera pa dengazi sizitha msanga.

Chomwe chandidya mutu n'chakuti kompyuta siitchula dzina la gwero. Imangoti Factor 1, Factor 2, dzina umapereka ndiwe. Tsono nkhuni za pa mafuwa, moto wa m'phiri, uvuni wa njerwa ndi mapesi a kumunda zonse n'zomera, potassium yemweyo, zitha kuunjikana gulu limodzi. Munthu wokhala kunja angolemba kuti utsi wa zomera n'kutseka nkhani, koma kwa ife mpamene nkhani yayambira, chifukwa njira yothetsera moto wa tchire si yomwe ingathetse utsi wa kukhitchini. Apa pamafunika wodziwa Zomba. M'dzinja tchire silipsa, njerwa anthu saotcha kwenikweni, koma nsima imaphikidwabe m'nyumba zoposa 9 mwa 10 m'Malawi muno ndi nkhuni kapena makala, ndiye utsi wotsala mu Febuluwale umakuuza za kukhitchini. Mphepo nayo uyilembe, nyengo ino utsi wina umachita kuoloka kuchokera ku Mozambique, sikuti wonse ndi wathu.

WHO mu 2021 inati PM2.5 isapose ma microgram 15 pa cubic metre pa tsiku, ndipo 5 pa chaka. Kuti ife tili pati tidikire sikelo ya ku labu, mtundu wa kapepala wokha sungagamule.

Madzulo magetsi athima cha m'ma 6, ndaimbira alonda aja kuti andionere ngati pampu ikulirabe pa batire, chifukwa ikaima pakati pa usiku osadziwa nthawi yake ndiye kuti mpweya womwe wadutsa sitiudziwa kuchuluka, fyuluta ya lero yangopita pachabe. Akuti ikulira. Mawa ndinyamule batire lina.