Kosi ya Loweruka ikatsikira pabwalo

Lolemba m'mawa, chitsulo chisanalire ndi chimodzi chomwe, tinayamba ndi fayilo ya mapepala. Pa ntchito yathu yolimbitsa matupi a osewera, masatifiketi amatha mphamvu ngati mankhwala a m'botolo, ndipo Januwale ndi mwezi woona kuti ya ndani yatsala pang'ono kufa. Pa jimu yathu, kum'mwera kwa Johannesburg, tilipo makochi anayi. Masana timaphunzitsa makasitomala olipira, madzulo timagwira timu ya mpira ya anyamata a kumudzi okhala ku Rosettenville ndi Turffontein, imene imasewera Lamulungu.

Wolembetsa ku REPSSA, kaundula wa aphunzitsi a masewero olimbitsa thupi kuno ku South Africa, amayenera kumatolera mapointi a CPD, a maphunziro opitiriza, kuti dzina lake likhalebe m'buku. Amene ali ndi CSCS, satifiketi ya makochi olimbitsa osewera yochokera ku bungwe la NSCA la ku America, amaikonzanso zaka 3 zilizonse. Pa zaka zitatu zathunthu pamafunika mapointi otchedwa CEU okwana 6.0, ndipo poti ola limodzi la m'kalasi ndi 0.1, amenewo ndi maola 60, kuwonjezapo pepala lomwe silinathe la CPR, njira yotsitsimutsa munthu amene mtima wake waima, ndi la AED, makina odzutsa mtima ndi magetsi. Kochi wa rugby amafunika BokSmart, pulogalamu ya chitetezo cha osewera ya SA Rugby imene inayamba mu 2009, yobwerezedwa zaka 2 zilizonse. Dipuloma kapena digiri ya kumudzi imayamba yapita ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, kuti aone kuti ikufanana ndi iti kuno. Zimenezi musadikire kuti ntchito ipezeke kaye.

Ambiri amagwa polipira kosi asanafunse. Mmodzi wa ife chaka chatha anathera masiku awiri ndi ndalama ya lendi pa kosi ya kettlebell, chitsulo chozungulira chokhala ndi chogwirira, kukakampani kena, n'kubwerako ndi satifiketi ya zilembo zagolide, koma poipereka anamuuza kuti siwerengedwa. Musanatumize ndalama funsani kuti kosiyo yavomerezedwa ndi bungwe liti, ikupereka mapointi angati, komanso ngati pasatifiketipo padzalembedwe tsiku ndi maola. Mukailandira, ijambuleni pafoni tsiku lomwelo.

Lachiwiri ndi tsiku limene kosi ya Loweruka lapitalo inayenera kutsikira pabwalo. Inali ya mahamstring, minofu ya kuseri kwa ntchafu. Imakonda kung'ambika wosewera ali pa liwiro la mtondo wadooka, mwendo utaponyedwa kutsogolo, phazi litatsala pang'ono kuponda pansi, chifukwa pamenepo mnofu umakhala ukutalika uku ukugwira buleki. Choiteteza chodziwika bwino ndi Nordic. Wosewera amagwada pofewa, mnzake n'kumupanikiza akakolo kuti mapazi asadzuke. Kuchokera m'maondo kufika m'mapewa thupi likhale ngati thabwa. Kenako amagwa chakutsogolo pang'onopang'ono, masekondi 3 kapena 4, akudziletsa ndi ntchafu, mpaka pamene sangathenso, n'kufikira pa manja n'kudzikankha kubwerera. Cholakwika chofala ndi kupinda m'chiuno, matako n'kutsalira m'mbuyo. Zikatero amaoneka ngati watsika kwambiri, pamene katundu wachoka pa mnofu umene tikuufuna. China ndi kungodzigwetsa kuti phii, ngati thumba la ufa.

Kochi wathu wamng'ono anali atalemba kale pabolodi: maseti 3, kubwereza 12, 10 ndi 8.

"Akulu, si mmene anatiuzira aphunzitsi aja?"

Sanalakwe kukopera, kungoti umenewo ndi mlingo wa sabata yachisanu. Ndondomeko imene inayesedwa pa osewera mpira a ku Denmark, zotsatira zake n'kutuluka mu 2011, ndi ya masabata 10. Sabata yoyamba ndi tsiku limodzi lokha, maseti 2 a 5. Yachiwiri masiku awiri, maseti 2 a 6. Yachitatu masiku atatu, maseti 3 a 6 mpaka 8, yachinayi 8 mpaka 10, ndipo 12-10-8 ija imayamba yachisanu. Masabata 10 akatha, kamodzi pa sabata n'kokwanira. Mukawathira 30 tsiku loyamba, pofika Lachinayi anyamata amatsika mu teksi chammbali ngati nkhanu, ndipo sabata yotsatira theka la timu limakhala ndi zifukwa. Tinafufuta n'kulemba 2 a 5. Lachisanu ndi Loweruka Nordic sitichita, chifukwa kuwawa kwake kumafika pachimake patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndiye kungakumane ndi gemu.

Mnyamata amene anang'ambika mu Disembala sitinamuike m'gulumo. Kubwezeretsa mnofu wovulala ndi ntchito ya physio kapena biokineticist, akatswiri ochiritsa ovulala ndi masewero olimbitsa thupi, olembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala kuno. Ife timamulandira ndi kalata yonena zimene waloledwa kuchita.

Makosi ambiri amalembedwa poganizira wosewera wa ligi yaikulu, wogona maola 8, wodya pa nthawi yake, amene ntchito yake ndi mpira basi. Athu ndi alonda otuluka shifiti ya maola 12 ali chiimirire, amisiri omanga, osamalira maluwa ku Sandton, oyendetsa njinga zamoto zoperekera chakudya. Pulogalamu ya m'buku ukaiika pa matupi amenewa osasintha, umawathyola. N'chifukwa chake pa zida zonse zimene tinaphunzira, chimene chimagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi chotchipa kwambiri, session RPE. Patapita mphindi pafupifupi 30 chithere maphunziro, aliyense amanena mmene maphunzirowo amulemerera pa sikelo ya 0 mpaka 10, ife n'kuchulukitsa ndi mphindi. Mphindi 75 pa 6 ndi 450. Muwafunse mmodzimmodzi, chifukwa pagulu woyamba akati 5 onse amati 5, palibe wofuna kuoneka wofooka. Lachitatu ambiri anati 6, koma beki wathu wapakati anati 9, imene ndi 675 pa ntchito yomweyomweyo.

"Mwagona bwanji, achimwene?"

"Kugona kuti, akochi? Ndatuluka pageti 6 koloko m'mawa."

M'kope lathu muli mzere umene m'mapepala a kosi mulibe, wolemba shifiti. Tinamuchotsera theka la zothamanga za tsiku lotsatira.

Lachinayi tinakonza mayeso a Yo-Yo, oyeza kupirira pothamanga, gawo loyamba. Makoni amatalikirana mamita 20, ena mamita 5 kumbuyo kwa mzere woyambira. Wosewera amapita n'kubwerera motsatira kulira kwa sipika, n'kupuma masekondi 10 akuyenda kuzungulira koni yakumbuyo. Liwiro limayambira pa makilomita 10 pa ola n'kumakwera. Akachedwa koyamba ndi chenjezo, kachiwiri watuluka. Mtunda muyeze ndi tepi. Ukayeza ndi mapazi, mamita 20 amasanduka 19, ndipo mu Epulo umadabwa kuti timu yonse "yabwerera m'mbuyo". Sipika ikhale yodzaza moto.

Awiri ongofika kumene ku Joni anagwira makoni, sanathamange. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre zili pa 1,000 n'kanthu, ndipo kunyanja kwathu, monga ku Mangochi, ndi pafupifupi 500. Wongofika amachita befu msanga ngakhale anali katswiri kwawo, choncho timamupatsa masabata awiri tisanamuyeze.

Mayesowo sanathe. Cha m'ma 5 koloko kunang'anima, tinawerenga mpaka 20 bingu n'kugunda. Likafika masekondi 30 asanakwane, mphezi ili mkati mwa makilomita 10, ndipo kuno ku Highveld nthawi ya dzinja sitikambirana. Onse m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo, ndipo kubwerera pabwalo ndi patapita mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Manambala a mayeso odukiza tinawataya. Tinalowa mu jimu n'kuyeza masikwati, kunjuta n'kudzuka utasenza chitsulo, osati pokweza mpaka munthu alephere, koma ndi masamu a Epley: kubwereza kugawa ndi 30, kuwonjeza 1, kuchulukitsa ndi kulemera. Wonyamula makilogalamu 80 kasanu ndi kamodzi, 1RM yake, kulemera kumene anganyamule kamodzi kokha, ndi pafupifupi 96, ndipo 80 peresenti yake ndi 76.8, ndiye pabala timaika 77.5. Musaiwale kuti bala yokhayo ndi makilogalamu 20. Kubwereza kukapitirira 10 masamuwa amayamba kunama.

Lachisanu m'mawa awiri a ife tinali pa maondo pambali pa chidole, kukonzanso pepala la CPR. Kukanikiza pachifuwa ka 30, mpweya kawiri, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama masentimita 5 mpaka 6. Anthu a zitsulofe mphamvu tili nazo, koma mphunzitsi anatigwira pawiri: kuthamangitsa kwambiri, ndi kutsamira pachifuwa osachilola kubwerera, chonsecho pobwererapo ndi pamene mtima umadzaza magazi. Anatikumbutsa za Christian Eriksen, amene anagwa pabwalo ku Copenhagen mu June 2021 n'kupulumuka chifukwa CPR ndi defibrillator, makina odzutsa mtima aja, zinafika msanga. Wosewera akagwa popanda womugunda, osayankha, kupuma kwake kuli kwa apo ndi apo ngati akukoka mkonono, ameneyo musamuthire madzi kapena kumupepesa ndi jezi. Yambani kukanikiza, n'kuloza munthu mmodzi pomutchula dzina kuti aimbe 112, nambala ya zadzidzidzi. Mukangofuula kuti wina aimbe, aliyense amayesa kuti mnzake waimba. Titabwerera tinatsegula bokosi la AED la pa jimu n'kupeza kuti mapadi ake atha nthawi mu Novembala. Oda inapita tsiku lomwelo.

Loweruka tinakhala maola atatu pa kompyuta, kosi ya masapulimenti ndi mankhwala oletsedwa. Mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwalawa m'masewero, umasintha pa 1 Januwale chaka chilichonse, kuno amauyendetsa ndi a SAIDS, bungwe la South Africa la ntchito yomweyo, ndipo lamulo n'lakuti chopezeka m'thupi la wosewera ndi mlandu wake, kaya anachita kupatsidwa ndi kochi. Sapulimenti ya creatine monohydrate, magalamu 3 mpaka 5 patsiku, siyoletsedwa. Choopsa ndi zitini za pre-workout, ufa womwera musanayambe kulimbitsa thupi, zogula pa msika, zimene zolembedwa kunja sizifanana ndi zamkati.

Satifiketi inabwera pa imelo, tsiku ndi maola zili pompo, n'kulowa mufayilo. Pabolodi la sabata yamawa talemba Nordic Lachiwiri ndi Lachinayi, maseti 2 a 6. Yo-Yo yapita Loweruka 7 koloko m'mawa, mitambo isanasonkhane, ndipo beki uja wapempha kale kusinthana shifiti ndi mnzake.