Lachitatu: madayisi, n − 1 ndi standard error

Lero kalasi ya statistics ya chaka choyamba yafika pa phunziro limene limagwetsa ophunzira ambiri: kusiyana kwa standard deviation ndi standard error. Mayina akewo amamveka ngati amodzi, mafomula ake amafanananso pa bolodi, ndiye munthu akangowaloweza asanaone chimene chilichonse chimayeza, amawasinthanitsa mpaka pa mayeso otsiriza. N'chifukwa chake m'mawa sitinayambe ndi fomula ayi. Tinayamba ndi madayisi.

Aliyense analandira dayisi limodzi ndi pepala. Choyamba, kuponya kamodzi n'kulemba nambala yotulukayo. Titasonkhanitsa manambalawo pa bolodi, kuyambira 1 mpaka 6, chithunzi chinatuluka chafulati, chifukwa mbali iliyonse ya dayisi ili ndi mwayi wofanana ndi inzake. Kenako kuponya kanayi, kuphatikiza, kugawa ndi 4, n'kulemba avereji yokhayo. Apa chithunzi chinasintha. Chinatukuka pakati, cha pa 3.5, n'kumatsika mbali zonse ziwiri. Panalibe wopeza avereji ya 6, ndipo sizodabwitsa: kuti zitero pafunika 6 kanayi motsatizana, ndipo mwayi wake ndi 1 mwa 1,296.

Ntchito imeneyi imawonongeka m'njira zitatu ngati mphunzitsi sachenjeza msanga. Ena amazungulitsa avereji, 3.25 n'kulemba 3, ndiye chithunzi chimaunjikana pa manambala athunthu. Auzeni alembe momwe yatulukira, ndipo pa bolodi gawani timipata ta 0.5. Ngati kalasi ndi yaing'ono, aliyense abwereze kasanu kuti maavereji apitirire 100, apo ayi mawonekedwe ake saoneka bwino. Chachitatu ndi chimene chimandikhudza kwambiri: wophunzira akapeza 1, 1, 2, 1 amaona ngati walakwitsa, n'kuponyanso mwakachetechete. Lero zachitika kumbuyo kwa kalasi, ndipo tinaimitsa zonse kwa mphindi zingapo kuti tikambirane. Kutaya zotsatira chifukwa sizikuoneka bwino m'maso ndi matenda omwewo amene amawononga kafukufuku wa akuluakulu. Bola munthu awazindikire pa dayisi.

Chithunzi chitakhazikika m'maso mwawo m'pamene manambala analowa. Dayisi losakondera lili ndi avereji ya 3.5 ndi standard deviation ya 1.71. Imeneyi ikunena za kumwazikana kwa kuponya kumodzikumodzi, ndipo sisintha ngakhale muponye tsiku lonse. Kumwazikana kwa maavereji ndiye nkhani ina: mumagawa 1.71 ndi square root ya kuchuluka kwa maulendo oponya. Kanayi, 0.85. Ka 25, 0.34. Ka 100, 0.17. Imeneyo ndiye standard error. Ndinawapempha ayang'anitsitse manambala awiri omalizawo: kuti kusatsimikizika kutsike ndi theka, sampulo iyenera kukula kanayi, osati kawiri. Aliyense wokonza bajeti ya kafukufuku amakumana ndi lamulo limeneli, afune asafune.

Funso labwino la tsikuli linachokera kwa mtsikana wina wa mzere wakutsogolo. "Aphunzitsi, nanga pa kafukufuku weniweni timatenga sampulo imodzi yokha. Maavereji enawo tiwapeza kuti?" Yankho ndi lakuti sitiwapeza. Palibe amene amabwereza kafukufuku ka 1,000. Fomulayo ilipo kuti kuchokera pa sampulo imodzi imene tili nayo tiyerekeze mmene maavereji osaonekawo akanamwazikira. Wophunzira amene wafunsa funso lotere ndiye kuti wafika pakhomo pa phunziro lonse.

Masana kunabwera kagulu ku ofesi ndi dandaulo la masiku onse: anthu awiri, manambala omwewo, mayankho osiyana. Manambala ake anali 4, 7, 8, 9 ndi 12. Mmodzi anapeza 2.61, mnzake 2.92, ndipo aliyense ankaumirira kuti calculator yake singaname. Tinawerengera pamanja. Avereji ndi 8. Kutalikirana kwa nambala iliyonse ndi 8 ndi −4, −1, 0, 1 ndi 4. Kuchulukitsa iliyonse ndi iyo yokha kumapereka 16, 1, 0, 1 ndi 16, zonse pamodzi 34. Mukagawa ndi 5 mupeza 6.8, square root yake 2.61. Mukagawa ndi 4 mupeza 8.5, square root yake 2.92. Makina onse awiri ananena zoona, kungoti wina anasankha σx pomwe mnzake anasankha sx pa calculator: σx imagawa ndi 5, sx imagawa ndi 4.

Nanga bwanji timagawa ndi n − 1 pa sampulo, pomwe n ndi kuchuluka kwa manambala (apa 5)? Kunena kuti "ndi lamulo" sikukwanira. Avereji ya 8 ija yachokera m'manambala omwewo, choncho imakhala pafupi nawo kuposa mmene avereji yeniyeni ya gulu lonse ingakhalire. Kutalikirana kumene timayezako kumachepa pang'ono, ndipo kugawa ndi 4 m'malo mwa 5 kumabwezeretsa chimene chatayikacho. Njira ina yoonetsera: bisani nambala yomaliza ya kutalikirana, muwauze kuti zonse zikaphatikizidwa zimapereka 0. Aona okha kuti −4, −1, 0 ndi 1 zikukakamiza yotsalayo kukhala 4. Zinayi zokha ndi zaufulu. Mawu oti degrees of freedom amasiya kuopsa akangoona zimenezi.

Msampha womwewu uli m'mapulogalamu a pa kompyuta owerengera manambala. Mu Excel, STDEV.S imagawa ndi n − 1 pomwe STDEV.P imagawa ndi n. Mu R, lamulo la sd limagawa ndi n − 1. Mu NumPy, std imagawa ndi n pokhapokha mutalemba ddof=1. Pa manambala 500 kusiyanako sikuoneka n'komwe, koma pa manambala asanu ndi kwakukulu.

Tinapitiriza ndi manambala omwewo mpaka pa confidence interval, yomwe ndi malire awiri amene timayerekeza kuti avereji yeniyeni ya gulu lonse ili pakati pawo. Standard error ndi 2.92 kugawa ndi square root ya 5, pafupifupi 1.30. Ambiri amathamangira kuchulukitsa ndi 1.96, chifukwa ndiyo nambala imene inakhazikika m'mutu, n'kupeza kuyambira 5.44 mpaka 10.56. Koma pa sampulo ya manambala asanu, standard deviation yathuyo nayonso ndi yongoyerekeza, choncho tiyenera kutenga nambala ya mu tebulo la t, mzere wa degrees of freedom 4, yomwe ndi 2.776. Zotsatira zake ndi kuyambira 4.38 mpaka 11.62. Wogwiritsa ntchito 1.96 pamenepa amaganiza kuti njira yake imalondola ka 95 mwa 100, pomwe imalondola ka 88 kokha. Vutoli analiona William Sealy Gosset, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Guinness ku Dublin ndipo nthawi zambiri ankakhala ndi masampulo ochepa. Anasindikiza zimene anapeza mu 1908 pogwiritsa ntchito dzina loti Student. Ndimatchula mbiri imeneyi kuti ophunzira adziwe kuti tebulo la t linabadwa chifukwa cha vuto la pantchito, silinapangidwe kuti lizunze anthu pa mayeso.

Ku labu ya makompyuta madzulo, ntchito inali kubwereza za m'mawa zija ka 10,000 mu R, n'kujambula histogram ya maavereji, chithunzi chonga cha pa bolodi chija. Cholakwika chimene chinafala chinali kuiwala kulemba replace = TRUE mu lamulo la sample. N'chovuta kuchigwira chifukwa pa kuponya kanayi kompyuta sidandaula. Imangosankha manambala anayi osiyana mwa asanu ndi limodzi, ngati kuti 6 akatuluka sangatulukenso, ndipo standard error imatuluka 0.54 m'malo mwa 0.85. Uthenga wa cholakwika umabwera pokhapokha wina akayesa ka 25. Amene anali atalemba 0.85 papepala asanayatse kompyuta anazindikira nthawi yomweyo kuti pali chosokonekera. Enawo anajambula chithunzi chokongola n'kupitirira. Choncho lamulo la mu labu muno likhale lomweli: lembani kaye nambala imene mukuyembekezera, kenako mufunse makina.

Gawo lomaliza linali kupanga ma confidence interval 100 kuchokera ku gulu limene avereji yake tikuidziwa kale, n'kuwerenga angati aiphonya. Wina anapeza kuti aphonya atatu, wina asanu ndi awiri, ndipo ena anada nkhawa kuti sanapeze asanu enieni. Palibe chovuta. 95 mwa 100 ndi khalidwe la njirayo ikabwerezedwa kambirimbiri, monga anafotokozera Jerzy Neyman mu 1937, osati lonjezo la gulu lililonse la 100.

Pochonga ntchito ya sabata yatha usiku uno, masamu ambiri ali bwino, koma ziganizo zomasulira n'zimene zikupunduka. Chofala kwambiri: "anthu 95 mwa 100 ali pakati pa manambala awiriwa." Ayi. Interval ikunena za avereji ya gulu, osati za munthu mmodzimmodzi, ndipo uku ndi kusokoneza komwe kuja kwa standard deviation ndi standard error, kungoti kwavala mawu. Pa chifukwa chimenechi malikisi a funso lililonse agawidwa pawiri, theka la kuwerengera, theka la chiganizo chofotokoza tanthauzo.

Lachisanu madayisi tiwasiya, titenge manambala opendekera mbali imodzi, monga nthawi imene anthu amadikira pa mzere, pomwe ambiri amadikira pang'ono koma ochepa amadikira nthawi yaitali zedi. Ophunzira amva kale kuti sampulo ya 30 ndi yokwanira nthawi zonse. Akajambule okha ma histogram a maavereji pa 5, pa 30 ndi pa 200, aone pamene kupendekerako kukuthera.