Madzi amadzuka njira ikadali mtulo

Milungu isanu ndakhala ndikulimbana ndi mutu umodzi wa hydrology (phunziro la kayendedwe ka madzi), wa madzi osefukira obwera ndi kusungunuka kwa sinowo, ndipo Loweruka lapitali ndi pamene mtima unakhala pansi. Ndikulemba mwachangu ndisanaiwale mmene zinalowera m'mutu.

Vuto langa ndinachoka nalo kumudzi. Ife madzi osefukira timawadziwa ngati mwana wa mvula: kumwamba kuchita bii, mvula kukhuthuka masiku awiri kapena atatu, Ruo ndi Shire kudzaza, anthu a ku Nsanje kuthawira kumtunda. M'kalasi tinkangoti Q = CiA (Q ndi madzi oyenda, C ndi gawo la mvula loyenda pamwamba osalowa m'nthaka, i ndi mphamvu ya mvula, A ndi kukula kwa malo), kupeza kukula kwa kalavati, basi nkhani yatha. Ndiye nditafika kuno ku Manitoba, chigawo cha ku Canada, n'kumva kuti chigumula chawo chimabwera mu Epulo kunja kuli ngwee, ndinkangochotsa mvula mu fomula ija n'kuikamo sinowo. Manambala ankatuluka ndithu. Koma sankandiuza chifukwa chimene anthu a misewu ndi milatho amayambira kuthamangathamanga mu Febuluwale, kukuzizira moti ngakhale dontho limodzi silikuyenda.

Mnzanga wa m'kalasi ananditenga kukacheza kwa makolo ake, kumafamu kummwera kwa Winnipeg. Panjira tinapeza lole ya khonsolo itaima m'mbali mwa msewu wamiyala. Kumanzere kunali dziwe lalikulu la madzi amatope, atatsala pang'ono kukwera pamsewu. Kumanja ngalande inalibe madzi. Pakati pake panali kalavati yabwinobwino, yosaphwanyika, kukula kwake kokwanira, koma mkati ayezi atadzaza ngati chitsekero cha botolo. Bambo wina ankakankhiramo paipi yaitali ya nthunzi yotentha pang'onopang'ono, nthunzi ili tolotolo kumaso kwake. Ndinapempha kuti tiime. Tinadikira mwina theka la ola, zala za kumapazi zitachita dzanzi, kenako kunamveka kulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala, madzi n'kutulukira mbali inayo, poyamba ngati chala, kenako ngati ntchafu, akudzikulitsira okha njira.

Ndinangoima pamenepo ndikumwetulira ndekha ngati wopepera. Kalavati ija sinali yaing'ono, inali isanadzuke.

Nkhani yonse yagona pamenepo, anzanga. Sinowo ndi mvula ya miyezi inayi kapena isanu imene yakhala m'nkhokwe kuyambira Novembala, ndipo nkhokweyo imatseguka njira za madzi zisanatseguke. Sinowo wa m'munda ali padzuwa, amasungunuka msanga. Kalavati ili pamthunzi pansi pa msewu, imasungunuka pomaliza. Nthaka nayonso ndi youndana, kuno imatha kuuma gwa kupitirira mita imodzi kutsika pansi, ndiye madzi salowa, amangoyenda pamwamba ngati pa simenti. C uja munamusankha poganiza kuti malowo ndi munda, mwezi umenewu akukunamizani.

Nditangogwira zimenezi, zinthu zimene ndinkaloweza ngati nyimbo zinayamba kumveka. Lamulo lochepetsa katundu wa mathiraki m'misewu ina kuyambira cha mu Malichi ndinkaliona ngati la phunziro lina, la pavement. Komatu ndi nkhani yomweyi. Msewu umasungunuka kuchokera pamwamba. Miyala ya pansi pa phula imanyowa, madzi alibe kotsikira chifukwa pansi pake pakadali ayezi, maziko n'kusanduka phala. Thiraki yodzaza tirigu ikadutsapo, phula limang'ambika.

Ndiye pali mtsinje weniweniwo. Red River umachokera kummwera kupita kumpoto: Fargo ndi Grand Forks ku America, kudutsa malire kulowa Canada pa Emerson, kenako Morris, Winnipeg, Selkirk, mpaka kukathira mu Lake Winnipeg. Pamapu ndinkaziona, koma sindinkaziganizira. Kutentha kumayambira kummwera. Ndiye kuti madzi a ku North Dakota ndi Minnesota amanyamuka ulendo wopita kudera kumene mtsinje ukadali wovindikirika ndi ayezi wokhuthala. Akafika amamunyamula, kumuphwanya, zibenthu n'kuunjikana pokhota kapena pazipilala za mlatho mpaka kupanga damu limene palibe analijambula. Kumtunda kwa damu limenelo madzi amatha kukwera m'maola ochepa chabe. Onjezani zoti chigwachi ndi pansi pa nyanja yakalekale, Lake Agassiz, chathyathyathya ngati bwalo la mpira: pa mtunda wa makilomita pafupifupi 885 mtsinjewu umangotsika mamita 70. Madzi akasefukira alibe changu chopita kulikonse. Mu 1997 anatambalala mpaka makilomita 40 m'malo ena, anthu n'kuwatcha Red Sea.

N'chifukwa chake chakumapeto kwa Febuluwale boma la Manitoba limatumiza makina ocheka ayezi kumpoto kwa Selkirk, pambuyo pake n'kubwera ma Amphibex, zimakina zokumba zoyandama zimene zimakwera pa ayezi n'kumuswa ndi kulemera kwake. Akutsegula khomo alendo asanafike. M'tauni amatokosa mabowo a ngalande, kuyesa mapampu, kuona ngati zitseko za mapaipi othira mumtsinje zikutsekeka, poti mtsinje ukakwera umabwerera m'mapaipi omwewo n'kukatulukira m'zipinda zapansi za nyumba ndi masukulu. Matauni ang'onoang'ono monga Morris ali ndi khoma la dothi lowazungulira, ndipo pamene msewu umadutsa khomalo pamafunika kutsekedwa madzi asanafike. Highway 75, msewu waukulu wa mathiraki opita ku America, wakhala ukutsekedwa pa Morris m'zaka za madzi ambiri, ndiye njira yolambalala iyenera kudziwikiratu. Ngakhale chingalande cha makilomita 47 cholambalalitsa madzi kum'mawa kwa Winnipeg, chimene Duff Roblin, yemwe anali nduna yaikulu ya Manitoba, anachikakamira chigumula cha 1950 chitasamutsa anthu pafupifupi 100,000, n'kutha kukumbidwa mu 1968, ine tsopano ndikungochiona ngati kalavati yaikulu. Nachonso nthawi zambiri amadikira ayezi ayambe kuyenda mumtsinje asanakweze zitseko zokankhira madzi mmenemo. 

Tsopano ndikuuzeni chimene ndachikonda mpaka anzanga atopa nane: degree-day, njira yoyerekezera sinowo amene asungunuke patsiku powerenga madigiri a kutentha pamwamba pa ziro. Ubwino wa chigumula cha sinowo ndi wakuti madzi ake ali kale pabwalo, ukhoza kuwayeza. Mvula ya Freddy mu 2023 palibe akanaiika pasikelo mwezi wathunthu isanagwe. Koma ine Lamlungu ndinatuluka ndi poto, ndinadula sinowo wakale kuseri kwa nyumba masentimita 20, n'kuika pamoto. Munatsala madzi akuda pafupifupi masentimita 6, muli timiyala ndi kapepala ka switi. SWE, kuchuluka kwa madzi amene ali mu sinowo, ndi imeneyo, m'poto mwanga momwe ndimaphikira nsima. Chotsala n'kudziwa liwiro limene nkhokwe itsegukire. Tiyerekeze kuti pansi pali mamilimita 100 a madzi, ndipo digiri iliyonse pamwamba pa ziro imasungunula mamilimita 3 patsiku. Kukamatentha madigiri 5, ndi mamilimita 15 patsiku, sabata yathunthu, makalavati ali ndi mpata wodzuka. Kukalumpha kufika madigiri 10, madzi omwewo atha masiku osakwana anayi, bambo wa nthunzi uja asanafike ngakhale theka la misewu yake. Usiku kukamazizira pansi pa ziro, zinthu zimapuma, aliyense amagona. Zonsezi pa pepala limodzi!

Mnzanga uja amaumirira energy balance, ati tiwerengere kuwala kwa dzuwa, mphepo, chinyontho, kuyera kwa sinowo. Ndimamuuza kuti pomwe azimaliza kutolera manambala onsewo, Morris ikhala itazunguliridwa kale. Akanandipatsa mphamvu, phunziro lonseli ndikanaliyambira pa poto ndi degree-day, zinazo pambuyo.

Zimandipweteka kuti milungu isanu yapita pachabe. Aphunzitsi athu anatha masabata atatu akudzaza bolodi ndi ma equation, za ayezi anangodutsapo pa silaidi imodzi. Nditafunsa chifukwa chimene kalavati yokwanira bwinobwino imalepherera, anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa ngati moto umatentha. Sindikuwada, iwo anakula akuziona chaka ndi chaka, ndipo ambiri m'kalasimo ndi chimodzimodzi. Koma ine ayezi ndinkamudziwa mu filiji basi. Mphindi zisanu zofotokoza kuti chimayamba kusungunuka n'chiyani, chimatsalira n'chiyani, zikanandipulumutsa. Nthawi yowerenga nayo ndi ya kuba: ndimaweruka ku ganyu usiku, basi imachedwa, ndikafika maso ali psuu, mayeso atsala milungu iwiri.

Pali pamene degree-day yanga imandisiya pamsewu, ndivomere. Mu 1997 ku Grand Forks anauzidwa kuti mtsinje ufika mafiti 49, anamanga makoma a matumba a mchenga poganizira zimenezo, koma unapitirira 54, chimphepo cha sinowo chitagwanso kumayambiriro kwa Epulo pamwamba pa wakale. Mvula ikagwera pa sinowo woti wapsa kale, nambala yanga ya 3 ija ndiichite bwanji? Mlatho wa Schoharie Creek ku New York unagwa mu Epulo 1987 m'madzi a mvula yosakanikirana ndi sinowo wosungunuka, anthu 10 n'kufa, ndipo pepala langa limodzi lija silikanaona kubwera kwake. Malo amene ayezi akatsekere, pokhota pati, pamlatho uti, fomula yanga siyankhulapo n'komwe.

Ndipo funso limene ndikuopa kuti lingabwere pa mayeso ndi la kalavati yomwe ija. Ngati vuto ndi kuundana, kuikulitsa kumathandiza? Tsiku lina ndimaganiza kuti yaikulu singadzaze ndi ayezi yonse, pamwamba patsala mpata. Tsiku lina ndimaganiza kuti yaikulu imalowetsa mphepo yozizira yambiri, ndiye mwina ndi bwino kungoika yachiwiri pamwamba pang'ono, youma, yodikirira Malichi. Ndalemba zonse ziwiri mu kope, ndafufuta, ndalembanso. Mwina ndikafunsenso Lachinayi, ngati ndilimbe mtima kukwezanso mkono.