Sabata yachinayi: agogo abiriwira pamphumi

Loweruka ndinapala nkhope yonse pa chithunzi cha agogo chimene ndikujambula, ndi kampeni kosakanizira penti, ntchito ya masiku atatu n'kuthera pa kansanza. Sikuti mphuno inapotoka ayi. Chithunzicho chinkafanana ndi agogo ndithu, koma chinali ngati cha pa chiphaso, munthu atangoti ndwii kudikira kuti amujambule.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi chithunzi chomwe Henri Matisse anajambula mkazi wake Amélie mu 1905. Anadutsitsa mzere wobiriwira kuchokera pamphumi kutsika pamphuno, tsaya lina lachikasu, lina lofiirira, koma ukachiona sukayika kuti ndi munthu. Chaka chomwecho ku Dresden, Ernst Ludwig Kirchner ndi anzake atatu anayambitsa gulu la Die Brücke, ndipo ndi iwowa amene ndikulondola mapazi awo kwenikweni. Kwa iwo mtundu wa penti sunali wotsanzira khungu. Unkanena zimene wojambula akumva akamuyang'ana munthuyo.

Ndiye ndinayambiranso. Ndinalemba mutu ndi makala, a pambaula omwewa, kenaka ndinapaka burnt umber, penti wa bulauni, wosungunula ndi mankhwala a turpentine mpaka kukhala ngati tiyi wopanda mkaka. Ameneyu sachedwa, pofika mawa lake anali atagwira. Pamwamba pake m'pamene ndinayamba kuthira timadontho ta mafuta a linseed. Lamulo lake n'lakuti penti wa mafuta ochepa akhale pansi, wa mafuta ambiri pamwamba. Ukasemphanitsa, wapamwamba amauma wapansi akadali wofewa, ndipo pakapita nthawi chithunzi chimang'aluka ngati dambo mu Okutobala. Penti wa mafutayu sauma ngati wa pakhoma uja amene madzi amangouluka. Amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, ndipo kuzizira kwa Juni kuno kukumuchedwetsa kwambiri. Woyera wa titanium amene ndinaika pa duku Lachiwiri akumatabe chala mpaka lero.

Matope ndiye andivuta. Ndinaika viridian, penti wobiriwira, pansi pa diso pomwe panali kale wofiira wosauma, ndipo m'malo mosiya ndinabwereza ndi bulashi kanayi konse. Wobiriwira ndi wofiira akasakanikirana amaphana, chotsala ndi chithaphwi. Tsopano ndikumatapa penti wambiri, kukhwatcha kamodzi, n'kubweza dzanja kumbuyo ngati mwana woletsedwa kugwira ndiwo. Makwinya atatu a pamphumi ndawakanda ndi kumchira kwa bulashi, umber wapansi uja n'kumasuzumira. M'chithunzi chonse, malo amene ndikunyadira ndi amenewo.

Dzulo madzulo agogo analowa okha, fungo la turpentine litawakoka. Anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo.

"Iwe, kodi ndikudwala chiyani pamenepa?"

"Simukudwala agogo, ndi mthunzi umenewo."

"Mthunzi wobiriwira? Nanga pakamwapa bwanji ndakwiya?"

Ndinawauza kuti ndi mmene amaonekera akamawerenga ndalama za kuchigayo. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anati makutu okha ndiwachepetse, aakulu chonchi anali a malemu agogo aamuna.

Makutuwo sindiwagwira. Chotsala ndi khosi, ndiponso kumbuyo komwe ndikufuna kupakako wa olenji kuti wobiriwirayo awale bwino. Koma ndiyembekeza kaye duku liume, chifukwa dzanja la malaya anga latenga kale theka lake.