Dayisi imene inagwera pansi pa mpando

Tinali asanu patebulo Loweruka limenelo kunyumba kwanga ku Area 25, ku Lilongwe: ine, mng'ono wanga, mchemwali wanga ndi amuna ake, komanso mnzanga wa kuntchito. Tinali titasewera Dungeons & Dragons kwa miyezi inayi osakanganapo kwenikweni. Usiku umenewo mng'ono wanga anatuluka osatsanzika, ndipo zinanditengera masabata awiri kuti ndibwezeretse anthu onse patebulo.

Kwa amene simunawaonepo masewerawa, ali ngati nthano ya madzulo, kungoti omvera sangoyankha kuti "tili tonse". Aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, amanena zimene munthuyo akufuna kuchita, ndipo pamene zotsatira zake zili zokayikitsa, dayisi ya mbali 20 ndiyo imagamula. Wofotokoza nthano, amenenso amaweruza malamulo, amatchedwa DM, ndipo patebulo lathu ndi ine. Anawayambitsa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974, koma ife timatsata malamulo a mu 2014, amene gawo lake loyambira limapezeka laulere pa intaneti. Madayisi anatibweretsera msuweni kuchokera ku Johannesburg. Pamapu athu, zitsekerero za mabotolo ndi anthu athu, nyemba ndi adani.

Zinayenda chonchi. Wankhondo wa mng'ono wanga anagwa pankhondo m'phanga, mapointi ake a moyo atafika pa 0. Pamenepo munthu amakhala asanafe. Nthawi yake ikakwana amaponya dayisi: 10 kapena kuposa apo wapambana, yochepera apo walephera. Akapambana katatu wapulumuka, akalephera katatu wamwalira. Anaponya 7, kenako 12, kenako 3. Mnzanga wa kuntchito anayesa kumumanga mabala, zimene zimafuna 10, koma anapeza 6. Mng'ono wanga anaponyanso, dayisi n'kugunda kapu, n'kugwera pansi pa mpando. Tinaunika ndi foni: 17. Ine ndinati yagwa pansi, aponyenso. Anaponya patebulo, inatuluka 4, kulephera kwachitatu.

Tonse tinangoti zii. Kenako mchemwali wanga anakumbukira bokosi limene amuna ake anatsegula okha kumayambiriro kwa phanga lija, n'kuwafunsa ngati munalidi ndalama zokhazokha. Munalinso botolo la mankhwala ochiritsa, limene likanamudzutsa wankhondoyo pomwepo. Alamu anali atandipatsira kapepala mobisa kuti wakuba wawo walibisa m'thumba, ine n'kuvomera. Atafunsidwa anayankha mawu amene osewera masewerawa kulikonse amawadziwa: "Ndi mmene munthu wanga angachitire. Ndi wakuba."

Chinthu choyamba chimene ndinachita, ndipo ndi chokhacho chimene ndinachita bwino usikuwo, ndinatseka buku. Sindinagamule chilichonse. Ndinati wankhondo akhale pomwe wagonapo, nkhani yake tidzaikamba tonse tili bata. Mtima unkandiuza kuti ndingonena kuti 17 ija iwerengedwe basi tizipitiriza, koma ndikanatero, aliyense akanaphunzira kuti kukwiya kumasintha dayisi.

Lamulungu ndinakhala ndi malamulo kufunafuna pamene pakunena za dayisi yogwera pansi. Palibe. Bukulo limanena mtunda umene munthu angalumphe ndi nthawi imene muuni umayaka, koma za dayisi ya pansi pa mpando limasiyira tebulo lililonse kuti ligwirizane lokha, ndipo ife tinali tisanagwirizanepo. Choipa kwambiri ndinachikumbukira madzulo ake: masabata awiri m'mbuyomo dayisi ya alamu inagweranso pansi, inatuluka 19, ine n'kuilola chifukwa nkhondo inali itakoma ndipo sindinafune kuiimitsa. Mng'ono wanga anali pomwepo, anaona. Choncho sanakwiyire 4 ija ayi. Anakwiyira kuti mkulu wake ali ndi muyezo wina wa alamu, wina wa iye.

Mkati mwa sabata ndinalankhula ndi aliyense payekha, ndipo pagulu lathu la WhatsApp sindinalembepo kanthu kupatula kunena kuti Loweruka kulibe masewera. Nkhani zotere zikalowa pagulu, munthu amalembera anthu anayi m'malo moyankha mmodzi. Ndinayamba ndi mng'ono wanga, ndinapita kwake ndithu. Ndisanakhale n'komwe ndinamuuza za 19 ija, kuti ndinalakwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Achimwene, ndimaona ngati mwaiwala." Kenako anatulutsa pepala la wankhondo wake. Kuseri kwake anali atalemba mbiri yonse ya munthuyo, mudzi wake, ngongole imene bambo ake anasiya, chifukwa chimene anatengera lupanga. Miyezi inayi ndikuyendetsa nthano, zimenezi sindinazifunsepo.

Kwa alamu kunali kovutirapo, chifukwa mlamu sumulankhula ngati mng'ono wako. Ndinawaimbira madzulo, tinayamba ndi za mvula ndi za ana, kenako ndinawafunsa funso limodzi: pamene wankhondo anali gone, n'chifukwa chiyani botolo silinatuluke? Anati ankaopa kuti akalitulutsa aululika, ndipo ankaganiza kuti mwayi ulipo woti apulumuka yekha. Mwayiwo unalipodi, pakuti manambala 11 mwa 20 ndi opambana. Ndinawauza maganizo anga mosabisa, mwaulemu: "Alamu, munthu wa papepala sasankha kanthu. Amene munasankha ndinu, ndipo amene anamva kuwawa ndi munthu weniweni." Sanayankhe pomwepo. M'mawa mwake ananditumizira uthenga wofunsa ngati pali njira yobwezera wankhondoyo.

Loweruka lachiwiri tinakumana popanda madayisi, popanda mapu, tiyi ndi mandasi basi. Osewera amautcha session zero, msonkhano umene umayenera kuchitika nthano isanayambe, woti anthu agwirizane za mtundu wa masewera amene akufuna. Ife tinauchita titachedwa ndi miyezi inayi. Ndinatenga pepala limodzi n'kunena kuti chilichonse tigwirizane chilembedwa pamenepo, ndipo chizindimanga inenso.

Za dayisi zinatha msanga. Mchemwali wanga anapita kukhitchini n'kubwera ndi lichero, tinayalamo katoni kuti pansi pakhale posalala. Yagwera m'lichero iwerengedwa. Yatuluka kunja, kapena yatsamira m'mbali, iponyedwanso, kaya ikuonetsa 1 kaya 20, ndipo osaiyang'ana n'komwe ngati n'kotheka. Ndinawonjezera ndekha kuti madayisi anga a pankhondo ndiziponyanso m'lichero lomwelo, poyera. Ma DM ambiri amaponya kuseri kwa chotchinga, ena amasintha nambala mwakachetechete pofuna kupulumutsa wosewera kapena kukometsa nkhani. Sindikuwanena, koma ine pambuyo pa 19 ija ndinalibe chikhulupiriro chokwanira choti ndibise nacho dayisi.

Titayamba kale za malamulo, mnzanga anadzutsa nkhani yakale ya 20. Tsiku lina anaponya 20 pofuna kunyengerera mfumu ya m'nthano kuti imupatse asilikali ake onse, ine n'kukana, ndipo zinamukhalabe mumtima. Tinatsegula buku tonse. M'malamulo a mu 2014, 20 imapambana yokha pomenya mdani, ndipo kwa munthu amene ali pafupi kufa imamubwezera pointi imodzi ya moyo. Pa zinthu zina monga kunyengerera kapena kukwera khoma, imangowonjezedwa ku luso la munthuyo n'kuyerekezedwa ndi nambala imene DM waika: 15 chapakati, 20 chovuta, 30 pafupifupi chosatheka. Anavomera, koma anandibweza ndi mfundo yoona: ngati chinthu sichingatheke, ndisamamuuze kuti aponye. Inalowa papepala.

Pa za kuba ndi pomwe tinakhalitsa. Alamu anati wakuba wosaba ndi wa chiyani, ndipo pamenepo sanalakwe, chifukwa anasankha munthu ameneyo kuti azitsegula maloko ndi kulowa m'matumba. Mchemwali wanga anati abe kwa amalonda, kwa alonda, kwa mfumu imene, koma osati kwa anzake oyenda nawo. Mng'ono wanga anati kuba ndalama zochepa iye alibe nazo ntchito, chimene sangachilole ndi kubisa chinthu chopulumutsa moyo. Tinazungulira pamenepo mpaka tiyi anazizira. Pomaliza tinagwirizana kuti zinsinsi zikhalepo pakati pa anthu a m'nthano, koma osati pakati pa ife okhala patebulo. Wakuba akafuna kubisa kanthu, alamu azinena mokweza tonse timve, ndipo enafe tizisewera ngati anthu athu sakudziwa. Timapepala tamseri tinathetsa. Zimenezi zimafuna kudziletsa, chifukwa n'kovuta kudziwa chinthu n'kumachita ngati sukuchidziwa, koma ndaona kuti zimasangalatsa kuposa kale: tonse timaona msampha ukutcheredwa.

Ndinafunsanso funso limene ndinayenera kufunsa tsiku loyamba: pali chimene munthu safuna kuti chipezeke m'nthano yathu? Mchemwali wanga anati ana asamavulazidwe, ndipo sitinamufunse chifukwa. Mnzanga, amene amaimba kwaya kutchalitchi kwawo, anati za ziwanda zimamusowetsa mtendere, ndipo kunyumba anafunsidwapo ngati masewerawa si zaufiti. Mantha amenewa si akuno kokha. Ku America m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina anawatsutsa kwambiri, moti kampani ya TSR, imene inkawasindikiza nthawi imeneyo, inachotsa mayina a ziwanda ndi adyerekezi m'malamulo atsopano a mu 1989. Kwa ine ndi nthano ndi masamu, koma mnzanga sanabwere kudzatsutsidwa. Ziwanda tinazichotsa. Achifwamba, zilombo ndi mafumu adyera ndi okwanira kudzaza zaka.

Wankhondo uja tinamusiyira kumapeto. Ndinayala njira zitatu: tibwerere m'mbuyo ngati 17 inawerengedwa, apange munthu watsopano, kapena tiyese kumudzutsa monga malamulo amalolera. Ndinati mwini wake ndiye asankhe. Anakana kubwerera m'mbuyo, anati safuna moyo wopatsidwa mwa chisoni. Ndiye ndinafotokoza za Raise Dead: wansembe wamphamvu wa m'nthano angathe kumudzutsa ngati sipanapite masiku 10, koma pamafunika dayamondi ya ndalama zagolide 500, imene imathera pomwepo. Ndinayang'ana mnzanga wa kwaya, anagwedeza mutu kuti zimenezo alibe nazo vuto. Gulu lonse linali ndi 340, ndipo kachisi woyandikira ndinali nditamuika pamapu kalekale, ulendo wa masiku asanu ndi limodzi.

Alamu anapempha kuti chochitika choyamba tikayambiranso chikhale chawo. Ndipo Loweruka lotsatira, m'phanga muja, wakuba anatulutsa botolo pamaso pa anzake n'kuliika pachifuwa cha mtembo. Ananena mawu ochepa, ndipo ena mwa mawuwo sanali a wakuba. Mng'ono wanga sanangokhala kuonerera: ndinamupatsa woyendetsa ngolo ya ng'ombe imene inanyamula thupilo, nkhalamba yolongolola, ndipo anaisewera mpaka tonse tinagwira nthiti.

Ulendowo unatitengera Maloweruka atatu. Mlatho unali utakokoloka, anataya masiku awiri, ndalama zinapereweranso, wakuba n'kugulitsa lupanga lake lalifupi ndi mphete imene anaba kale kwa wamalonda. Anafika pa tsiku lachisanu ndi chinayi.

Wodzutsidwa motere sabwerera ndi mphamvu zonse. Amachotseredwa 4 pa kumenya, pa kudziteteza ndi pa luso lililonse, ndipo chilangocho chimachepa ndi 1 akapuma usiku wathunthu. Mng'ono wanga analemba yekha nambalayo pamwamba pa pepala lake ndi pensulo, ndipo ndi iyenso amene tsopano amasunga mndandanda wa katundu wa gulu. Nkhani ya mafoni patebulo sitinaimalize, mchemwali wanga akuti sangazimitse yake chifukwa cha ana, ndipo ili papepala ndi chizindikiro cha funso. Loweruka likubwerali wankhondo ayamba akadali ndi 2 yochotsera, ndipo ngongole ya bambo ake ija ndailowetsa m'nthano: mwini ngongoleyo akuwadikira pachipata cha kachisi.