Annie Wilkes ankadziwa kuwerenga

Anthu akamakamba za Misery, buku la Stephen King la mu 1987, amathamangira ku nkhwangwa imene Annie Wilkes anadulira phazi la Paul Sheldon. Mufilimu ya mu 1990 anasintha, anamuphwanya akakolo ndi chihamala, ndipo Kathy Bates, yemwe anasewera ngati Annie, anapata nayo mphoto ya Oscar. Ine chimene chimandisowetsa tulo chili pena.

Paul, mlembi wotchuka, wachita ngozi ya galimoto ku Colorado. Annie, yemwe kale anali namwino, wamutola n'kukamugoneka kwake, kutali ndi anthu. Miyendo yathyoka, mankhwala opha ululu akusunga ndi Annie. Atazindikira kuti Paul anapha Misery Chastain, mkazi wa m'mabuku ake amene Annie amamukonda kwambiri, m'buku lomaliza, mayiyu akumubweretsera taipilaita yakale yopanda chilembo cha n kuti amuukitse.

Paul akulemba mongothana nazo, ngati kuti Misery sanamwalire n'komwe. Annie akukana, akuti uku n'kubera. Akukumbukira ali mwana, mafilimu a sabata ndi sabata ankamuputsitsa chonchi: sabata ino munthu wagwera kuphompho ali m'galimoto, sabata yamawa akuonetsa kuti anadumphamo kale. Ndipo apa Annie sakulakwa! Paul yemwe akuvomera mumtima. Akuyambiranso, ndipo Misery akupezeka kuti anaikidwa m'manda ali moyo. Buku lolembedwa ndi mantha likutuluka labwino kuposa ena onse a Misery.

Apa ndi pamene thupi limandichita tsembwe. Wamisala uja ndiye wowerenga wachidwi, wosaiwala kanthu, amene mlembi aliyense amamulakalaka. Mkwiyo wake ndimaudziwa, chifukwa nanenso ndinakwiyirapo mlembi atandiphera munthu amene ndinkamukonda.

King ananena yekha kuti Annie ankaimira cocaine, mankhwala ozunguza bongo amene anamugwira ukapolo mlembiyu zaka zimenezo. Ndimamukhulupirira, koma owerenga asathawirepo. Mlembi Arthur Conan Doyle anapha Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zake, mu 1893 atatopa naye, anthu sanamupatse mtendere, ndipo mu 1903 anamuukitsa. Panalibe womutsekera m'chipinda, koma anagonja ndithu. King nayenso zinamufika pakhomo: mu 1991 munthu wina anathyola nyumba yake ku Bangor, Maine, atanyamula bomba labodza, ndipo amene anakumana naye ndi Tabitha, mkazi wake, ali yekha m'nyumbamo.